Tibakha tangoswa kumene tikutha, thandizeni

Make Wongani: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Abale thandizeni, bakha wanga waswa tiana 13 Loweruka koma mmene ndikulemba pano titatu tafa kale, ndimangotipeza mmawa tauma mu katoni nthenga zili nyowe. Ena awiri miyendo yatangadza, wina uku wina uku, akungokwawa ndi pamimba. Ndili ku Chibavi, amene munawetako abakha ndiuzeni chochita zisanathe zonse

Achimwene a Katoto: Pepani mayi. Gulani makapisozi aja ofiira ndi achikasu mutsanulire mmadzi akumwa, ine nkhuku zanga ndimatero

Anaphiri a Masasa: Alovera amayi, sinjani muike mmadzi. Komanso kuno kwathu chitopa chavuta mwezi uno mwina ndi chomwecho

Mlangizi Wopuma: Make Wongani tisanathamangire mankhwala mutiuze kaye zinthu zingapo. Tianato tili ndi make kapena munatichotsa? Pansi mu katonimo mwayala chani? Madzi mukutipatsira mu chani, nanga chakudya ndi chani? Usiku tikugona pati, pali chotenthetsa?

Make Wongani: Ndinatichotsa kwa make bambo chifukwa chibakha chachimuna chimatijompha ndiye akhwangwala nawo kuno ndi ambiri. Mu katoni ndayala nyuzipepala, madzi ndimaika mu kabeseni kakang'ono ka pulasitiki timalowamo nkumasambira bwinobwino. Chakudya ndi madeya onyowetsa. Usiku ndimaika katoniyo pa kolido nkufunditsa chitenje basi

Mlangizi Wopuma: Ndiye mayi nkhani yake yaoneka kale, titatu tijato tafa ndi kuzizira. Kabakha kongoswa kumene sikatha kudzifunditsa kokha, thupi lake limadalira kutentha kochokera kwa make kapena kwa inuyo. Sabata yoyamba pamene kakugona pafunika madigiri 32 mpaka 34, kenako mumachepetsa pafupifupi madigiri 3 sabata iliyonse. Tsono taganizani Mzuzu wathuyu mwezi wa June, usiku kumatsika pansi pa madigiri 10, kuonjezera kamvula kowaza kaja ndi nkhungu ya mmawa, kamwana konyowa kali pa kolido pa simenti, chitenje chokha sichingathandize olo pang'ono chifukwa chitenje chimangosunga kutentha komwe kulipo kale, sichibweretsa kwina. Chotsani kabeseniko panopa musadikire mawa. Tonyowato tipukuteni ndi kansalu kouma, mutiike pafupi ndi botolo la madzi otentha lokulunga mu sokosi kapena thaulo

Achimwene a Katoto: Koma madala bakha si wa mmadzi? Ine kwathu ku Nkhata Bay ndakula ndikuona tibakha tikusambira ndi make tili tating'ono kwambiri

Mlangizi Wopuma: Mwanena nokha achimwene kuti ndi make. Bakha wamkulu ali ndi kathumba ka mafuta pamwamba pa mchira, amatapa ndi mlomo nkumadzola nthenga, nchifukwa chake madzi amangotsetsereka. Tiana tikamagona kunsi kwa make timapakako mafuta amenewo, ndipo tikatuluka mmadzi timathamangira kunsi kwake komweko nkukauma. Kamene kali mu katoni kalibe zonsezo, ubweya wake umamwa madzi, kamatopa, mwina kumira mu beseni momwemo kapena kutuluka nkufa ndi mphepo. Ndipo Nkhata Bay ndi kunyanja kotentha, musayerekeze ndi kuno kumtunda

aNyachirwa: Zoona adada. Ine ndimadula chigubu cha malita 5 mmbali, kabowo kongokwana mutu, kuti kazilowetsa mlomo mpaka mphuno koma thupi ayi. Kapena mbale yosaya nkuikamo timiyala tambiri. Madzi asakhale osaya kwambirinso chifukwa bakha amafuna kumiza mlomo wonse kuti atsuke mphuno ndi maso, mukamumana zimenezo maso amayamba kumata

Mlangizi Wopuma: Yewo amama mwathandiza. Ndionjezere kuti chakudya chisakhalepo popanda madzi pafupi. Bakha amadya nkumwera, kudya nkumwera, mukampatsa chouma madzi kulibe chimamutsamwa

Make Wongani: Ndachotsa kabeseni, botolo ndaika tonse taunjikana pomwepo. Nanga usiku wonse nditani poti botolo limazizira, babu ndili nalo koma magetsi kuno amathimathima

Bambo a Tiyamike: Ine ndili ku Luwinga ndimaswetsa ndi inkyubeta ndiye za kutenthetsazi ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Babu likhale lakale lija lotentha, ma LED awa amangowala satentha, anthu ambiri akupusitsika nazo. Magetsi akathima ndimagwiritsa mphika wadothi, ndimaikamo makala oyaka bwino ofiira kale, osati ofuka utsi, nkuvindikira ndi chitsulo chobowola, mphikawo nkuutchinga ndi waya kuti tiana tisaukhudze. Koma chonde chonde musatseke chipinda chonse ndi makala mkati, mpweya wa makala umapha mwakachetechete, ungaphe tibakha ngakhale inu eni ake ngati mukugona momwemo. Pazenera pazikhala potsegula pang'ono. Ndipo simufunika choyezera kutentha, yang'anani tianato, tikaunjikana pamodzi tikulira kwambiri ndiye kuti kwazizira, tikathawira mmbali kukamwa kuli yasa ndiye kwatenthetsa, tikabalalika tikudya ena akugona phee ndiye zili bwino

Anaphiri a Masasa: Nanga za miyendo zija bwanji, anthu amati ukagwira mazira a bakha ndi manja tiana timabadwa topuwala

Mtsikana wa Zaulimi: Ayi anti si manja. Miyendo kutangadza mmasiku oyambawa kawirikawiri ndi pansi poterera, nyuzipepala, pulasitiki, katoni yosalala, zonsezo kamwana kamalephera kugwira ndi zala ndiye miyendo imangotsetserekera mmbali mpaka mchiuno nkuzolowera choncho. Make Wongani chotsani nyuzipepalayo muyale chiguduli kapena thaulo lakale. Awiri otangadzawo tengani kabandeji kofewa kapena kansalu kong'amba, mumange mwendo uliwonse pamwamba pa phazi nkulumikiza iwiriyo, pakati musiye mpata wofanana ndi mmene kabakha kabwinobwino kamaimira, osamanga kwambiri magazi aziyenda. Muziyang'ana tsiku lililonse, pakatha masiku ochepa ambiri amaima okha bola mwayamba msanga. Omangawo muziwayang'anira pomwa madzi chifukwa akagwera mmbale sangadzuke

Make Wongani: Zikomo mwana wanga ndimanga pompano, Wongani akundigwirira

Mtsikana wa Zaulimi: Koma pali vuto lina la miyendo lomwe likubwera kutsogolo mukapitiriza madeya okha, ndipo ili ndi lomwe limandimvetsa chisoni chifukwa anthu amangoti abakha a mtundu umenewu ngofooka. Abakha amafuna vitamini B3, ija amati niacin, yambiri kuposa anapiye a nkhuku, pafupifupi mamiligalamu 55 pa kilogalamu ya chakudya pamene nkhuku za nyama ndi 35. Chimanga chili nayo koma ndi yomangika, thupi silitha kuitenga, nchifukwa chake ngakhale anthu odya chimanga chokhachokha amadwala matenda a pakhungu aja a pelagra. Ndiye kabakha kokulira madeya okha pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu mumaona miyendo ikupindika ngati uta, mfundo zatupa, kayenda pang'ono kakhala pansi, kenako anzake amakapondaponda pa chakudya. Bakha amakula msanga kwambiri thupi limalemera mafupa asanakhwime

Achimwene a Katoto: Ndiye tizitipatsa chani poti chakudya cha mmatumba chakwera mtengo chonchi

aNyachirwa: Tiana 10 sabata ziwiri zoyamba sitidya zambiri achimwene, mmashopu a zaulimi mtauni amagulitsa chakudya cha anapiye chija amati chick starter choyeza pa kilo, simukuyenera kugula thumba lonse. Ine ndimagula makilo ochepa nkumaonjezera usipa wosinja pang'ono wopanda mchere, ndi masamba a bonongwe odula tating'onoting'ono ndimawaponya mmadzi mwawo amakonda zedi

Mtsikana wa Zaulimi: Eya usipa ndi wabwino uli ndi niacin komanso zomanga thupi, koma wa mchere ayi, mchere wambiri umapha tiana. Mukhozanso kugula mavitamini a nkhuku osungunula mmadzi aja, muwerenge papaketi ngati palembedwa niacin kapena nicotinamide. Soya akhale wokazinga, wamuwisi amalepheretsa chakudya kugayika. Ndipo chonde layers mash, chakudya cha nkhuku zoikira mazira chija, musapatse tiana, muli laimu wambiri wopangira zikamba za mazira, kwa kamwana amaononga impso. Ndanena izi chifukwa ambiri amene ali ndi nkhuku za mazira pakhomo amangotapa momwemo

Anaphiri a Masasa: Nanga masese a mowa? Amayi anga ankapatsa abakha

Mlangizi Wopuma: Akuluakulu angadye atsopano pang'ono, tiana ayi. Masese sachedwa kusasa ndi kuchita chuku. Ndipo nkhani ya chukuyi ndiimepo pang'ono chifukwa kuno ku Mzuzu ndi mdani wamkulu. Mvula yathu imachedwa kusiya, chimanga timakolola kunja kukadali chinyezi, sichiuma bwino, ndiye chowola chija timasankha nkunena kuti ichi ncha ziweto. Madeya a kuchigayo nawo amabwera onyowa poti chimanga amachithira madzi pokonola, mukawasiya mthumba osayanika masiku awiri okha atentha mkati achita zibuma. Mu chuku china muli poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo mwa mbalame zonse zoweta tibakha ndi tina mwa tosachedwa kufa naye, chakudya chomwe nkhuku yadya nkungoonda kabakha kamafa nacho. Mtedza wa chuku uja ndiye woopsa kwambiri

Mtsikana wa Zaulimi: Zoona agogo, poizoni ameneyu anadziwika chaka cha 1960 pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil, tibakha natonso tinafa tambiri nthawi yomweyo. Mpaka akatswiri anayamba kugwiritsa tibakha tongoswa kumene poyeza ngati chakudya chili ndi poizoniyu. Ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa

Make Wongani: Mayo ine, madeya anga ali ndi kafungo ndithu ndanunkhiza. Ndataya. Mawa ndipita mtauni kukagula chick starter choyeza pa kilo chija, nanga usiku uno tidye chani

Mlangizi Wopuma: Wiritsani dzira la nkhuku lipse bwino, mulinyenye ndi ufa wa mgaiwa wabwino umene mukudya inuyo, muwaze timadzi. Muike pang'ono, chotsala pakatha ola mutaye. Chakudya chonyowa chisagone mmbale

Bambo a Tiyamike: Poti madala muli pompano ndifunseko zanga. Mu inkyubeta ulendo wapitawu tina tinatuluka mchombo uli wosatsekeka, pamimba potupa pofewa, kenako pamchombo pada bii kununkha, tsiku lachitatu kapena lachinayi tafa. Mazirawo ndinagula kwa anthu osiyanasiyana

Mlangizi Wopuma: Amenewo ndi matenda a mchombo. Kutatsala pang'ono kuswa kamwana kamakokera chachikasu cha dzira chija mmimba kudzera pamchombo, ndicho chakudya chake cha masiku awiri kapena atatu oyamba. Tizilombo tikalowa, chachikasucho chimawolera mmimba momwemo ndipo zikafika apo kupulumutsa nkovuta. Magwero ake ndi mazira akuda, abakha amakonda kuikira pamatope, ndiye anthu amawatsuka ndi madzi ozizira, madzi ozizira amapangitsa zamkati mwa dzira kunyala nkukokera litsiro mkati kudzera mtimabowo ta chikamba. Dzira lodetsedwa kwambiri musaliike nkomwe, lodetsedwa pang'ono lipukuteni mouma. Inkyubeta muzitsuka ndi mankhwala opha tizilombo mukatha kuswetsa ulendo uliwonse. Kutentha kapena chinyezi zikalakwika mchombo sutsekanso bwino. Kamene kabadwa mchombo uli wofiira pang'ono kapakeni ayodini nkukaika pokha pouma

Bambo a Tiyamike: Ndipo kugula kosakaniza kuli ndi vuto lina anzanga mudziwe. Abakha athu achikudawa, ankhope zofiira a Muscovy, mazira awo amatenga masiku 35, pamene oyera a Pekin aja ndi masiku 28, nkhuku 21. Munthu akawerenga 28 pa dzira la Muscovy amaganiza kuti lachedwa nkuyamba kuliswa ndi manja, kupeza mitsempha ya magazi ikadali, chachikasu chili panja, kamwana kamafera mmanja. Ngakhale kataboola kale chikamba kabakha kamatha tsiku lathunthu mwinanso awiri kasanatuluke, kamakhala kakupuma nkumamaliza kukoka chachikasucho. Manja kumbuyo basi

aNyachirwa: Ine langa ndi lina. Chaka chatha tiana tinkatambasula khosi kukamwa yasa ngati tikufuna mpweya, koma osamveka kukhosomola kapena mamina ayi, kungopuma movutika nkumaonda. Ndinali nditayala utuchi wa kwa akalipentala

Mlangizi Wopuma: Utuchiwo unali wouma?

aNyachirwa: Amaunjika panja adada, ndinatapa wapansi unali wa chinyezi ndithu

Mlangizi Wopuma: Ndi chuku chomwecho koma cholowera kumapapo, amati aspergillosis. Tiana timapuma fumbi la chukulo nkukamera mmapapo, mukang'amba kakufa mumapeza timibulu tachikasu kapena toyera mmapapo. Antibayotiki sachita kanthu pamenepo chifukwa si mabakiteriya. Kuno matabwa a paini ochokera ku Chikangawa ndi ambiri ndiye zopala sizisowa, koma tengani zopala za pulena zopotanapotana zija, zouma, muziyanike padzuwa kaye. Utuchi wosalala wa sowo tiana timadya nkutsekeka mmimba. Mankhusu a mpunga ouma nawonso ndi abwino. Ndiye bakha ndi wothira madzi paliponse, ndowe zake nzamadzimadzi, pozungulira chomwera muzisintha tsiku lililonse. Chomweracho muike pa kawaya pamwamba pa mbale kuti otayika azigwera mmusi

Achimwene a Katoto: Komabe madala makapisozi amathandiza, ine ndaona ndi maso anga nkhuku itadzuka

Mtsikana wa Zaulimi: Achimwene tawerengani zonse zatchulidwa pano, kuzizira, pansi poterera, kusowa vitamini, poizoni wa chuku, chuku cha mmapapo, palibe chimodzi chomwe kapisozi angachize. Mulingo wa kapisozi ndi wa munthu wamkulu wa makilo 60, kabakha kongoswa ndi magalamu 50 chabe, mukutsanula mongoganiza. Ndipo tikamaseweretsa mankhwala a anthu chonchi tizilombo timazolowera, tsiku lomwe mwana wanu adzawafune sadzagwira. Alipo matenda a mabakiteriya a tibakha ofunikadi mankhwala, monga aja kamwana ka masabata angapo kamatuluka zamadzi mmaso ndi mmphuno, kutsegula zobiriwira, mutu kunjenjemera nkugwa chagada miyendo ikupalasa, koma amenewo avetenale ndi amene anene mankhwala ake ndi mulingo

Anaphiri a Masasa: Ndiye chitopa sichigwira abakha? Katemera wodonthezera mmaso uja tisawapatse?

Mlangizi Wopuma: Katemera wa I-2 uja ndi wa nkhuku ndipo nkhuku zanu muzitemeradi miyezi inayi iliyonse. Abakha nthawi zambiri chitopa sichiwagwetsa, mumaona nkhuku zatha mudzi wonse abakha akuyenda, koma akhoza kunyamula kachilomboko nkupatsira nkhuku, nchifukwa chake si bwino kuwagoneka khola limodzi. Tibakha tili ndi matenda akeake a chiwindi oyambitsidwa ndi vairasi, amagwira kwambiri tosakwana masabata atatu, kamwana kabwinobwino mmawa pofika masana kagwa chammbali kakuphupha mutu wapindikira kumsana, ndipo timafa tambiri tsiku limodzi kapena awiri. Amavuta kwambiri pa abakha a Pekin kusiyana ndi achikudawa. Mukaona imfa yothamanga choncho, makamaka ngati akuluakulu nawo akufa kapena nkhuku zikufa limodzi, musagulitse, musadye, kanenereni ku ofesi ya zaulimi msanga. Alovera wanu anaphiri sindikukanizani kwa nkhuku zikuluzikulu, koma kwa tiana ta masiku anayi ayi, amatsegula mmimba ndipo kuwawa kwake timasiya kumwa madzi

Admini: Tikumbutsane za ana athu abale, amakonda kunyamula tibakha nkumatipsopsona. Tibakhato tingathe kunyamula tizilombo todwalitsa anthu ta salmonella tikuoneka tabwinobwino, asambe mmanja ndi sopo akatigwira ndipo katoni isakhale pomwe mukuphikira

Make Wongani: Mwadzuka bwanji nonse. Usiku ndinadzuka kusintha madzi a mbotolo, tonse tagona bwino kupatula kamodzi kanali kofooka kale dzulo kafa mbandakucha. Kenanso kamodzi kakungosinza sikakudya. Omanga miyendo mmodzi wayamba kuima ndithu akudumphadumpha kupita ku mbale, winayo akadagwabe

aNyachirwa: Kosinzako kafunditseni kaye mpaka kayambe kulira ndi kusuntha, kozizira sikameza. Kenako madzi ofunda kapu imodzi muikemo kasupuni kakang'ono ka shuga, muviike nsonga ya mlomo wake nkukasiya kameze kokha. Osakatsegula kukamwa nkutsanulira, madzi amapita kumapapo. Kakamwa kangapo muyese dzira lija

Make Wongani: Chabwino amama ndikupanga zomwezo. Funso lina, kodi nditabweza tonse kwa make zingatheke? Akungozungulira pakhomo akulira

Mlangizi Wopuma: Poti sipanapite nthawi yaitali ndipo akutifunabe, yesani, make ndi wabwino kuposa botolo lililonse. Koma mumutsekere yekha ndi tiana mu kakhola kouma kotchinga mphepo, chibakha chachimuna kunja, pamwamba waya kapena ukonde wotha ntchito chifukwa cha akhwangwala ndi akabawi, mmbali musasiye mabowo a makoswe. Muyese madzulo kukuda, mulowetse tiana kunsi kwake nkukhala pomwepo kuyang'ana, akayamba kujompha muchotse. Asatuluke nato mmawa udzu ukadali ndi mame, Muscovy amayenda mtunda wautali osayang'ana kumbuyo ndiye tofooka timatsalira. Omanga miyendo ndi kosinzako titsale mu katoni mpaka tilimbe

Bambo a Tiyamike: Mayi mankhusu a mpunga ouma ndili nawo thumba lathunthu, mukamapita mtauni mundiuze ku inbox tikumane pa depoti ndikupatseniko. Nanga madala kakufa kaja akafuna kuti avetenale akaone anyamule bwanji

Mlangizi Wopuma: Kamene kafa mbandakuchaka ndi koyenera, katsopano. Akulunge mu jumbo ziwiri, osakang'amba, osakaika mu firiza chifukwa kakauma ndi ayezi ziwalo zamkati zimaonongeka sizioneka bwino, pamalo pozizira basi nkupita nako lero lomwe mmawa uno. Atengekonso madeya aja pang'ono ngati sanatayiretu onse. Zina zakufa zija akwirire mozama agalu asafukule

Make Wongani: Madeya atsalako mu thumba ndinyamula. Bambo a Tiyamike ndikulemberani ndikakwera kabaza, ndikhala ndafika cha mma 10